Aphunzitsi Chisale ndi Bokosi la Nyimbo la Mayi Doreen

Lamlungu lapitali, kutchalitchi kwathu kuno ku Leicester, tinakumbukira kuti patha chaka chimwalirire Aphunzitsi Chisale. Abusa anayankhula bwino. Anati anali bambo wofatsa, waulemu, wosakonda zoyankhulayankhula. Ine ndinali pabenchi ya kumbuyo, ndipo ndinangoweramitsa mutu, chifukwa ndikudziwa kuti kumene kuja sikunali kufatsa. Bambo aja anali ndi mantha. Anadzuka nawo, anadya nawo, anakalamba nawo.

Dzina lawo loyamba linali Elifasi, koma palibe amene ankawatchula choncho. Kwawo kunali ku Ntcheu, kumene anaphunzitsa Chingerezi ndi nyimbo kusekondale. Kuno anabwera atakula kale, kudzadwazika mwana wawo wamkazi amene anali namwino. Mwanayo atamwalira, iwo anapempha boma kuti liwalole kukhala, ndipo nkhani yawo inangokhala ikuzungulira m'maofesi zaka ndi zaka. Boma linawapatsa kachipinda m'nyumba ina ku Braunstone, momwe ankakhala ndi anthu a mayiko ena. Anali aatali, owonda, ndipo ngakhale popita kukagula mkaka ankavala tayi.

Kulikonse ankayenda ndi jumbo yabuluu. Munali mankhwala awo a mtima, mswachi, buluku limodzi, Baibulo ndi kalata ya loya. Sankayisiya ngakhale popita kutsogolo kukadya mgonero. Munthu amene nkhani yake sinathe amayenera kukasaina kwa a imigireshoni, ndipo iwo ankapita ku Loughborough Lachiwiri loyamba la mwezi. Wolowa m'menemo sadziwa ngati atulukire khomo lomwe analowera. Ndikakhala kuti ndilibe shifiti ndinkawaperekeza pagalimoto. Ankandiuza kuti ndiime patali, kuseri kwa shopu ya matayala.

"Ola likatha ndisanatuluke, Nankhoma, inu muzipita," ankatero mwezi uliwonse. "Musabwere kudzafunsa pakhomo. Wofunsa amalembedwa dzina."

Ndinkakhala m'galimotomo maso ali pawotchi. Akatulukira pakona paja sankathamanga kapena kumwetulira. Ankalowa, n'kumanga lamba, n'kumangoyang'ana kutsogolo mpaka titadutsa theka la njira. Kenako ankapuma kwambiri n'kufunsa za ana anga.

Pafoni sankatchula dzina la munthu. Ankangoti "mnzathu uja" kapena "mayi a kwaya aja", wekha uzidziwa. Azibambo akayamba nkhani za ndale za kumudzi titaweruka mapemphero, iwo ankanyamuka kukatsuka makapu. Nthabwala yonyoza munthu wamkulu sankaseka, ngakhale ikome bwanji. Ankakonda kunena kuti nthabwala ikamakoma imakhala ya aliyense, koma tsiku limene yawawa mwini wake amapezeka msanga. Ankanenanso kuti munthu asamadalire kuti zinthu zasintha, chifukwa amene amasunga mafayilo sapuma pantchito.

Mapepala awo anadzatuluka kutatsala zaka zitatu kuti amwalire. Tinavina kutchalitchi, iwo ali chilili, kalata ili m'manja ngati yotentha. Sanakhulupirire. Lachiwiri loyamba la mwezi wotsatira anakwera basi okha kupita ku Loughborough. Anachita zimenezi miyezi inayi, mpaka mlonda wa pakhomo anawagwira paphewa n'kuwauza kuti dzina lawo silili pamndandanda, asabwerenso. Anandiimbira foni kufunsa ngati kuchotsedwa pamndandanda si chiyambi cha zina.

Koma nkhani imene ndikufuna kusimba inachitika zimenezi zisanafike, nthawi imene nkhani yawo inali isanathe.

Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Evington. Kumeneko kunali gogo wina wachizungu, Mayi Doreen, wa zaka zoposa makumi asanu ndi anayi, amene mutu unali utasokonekera ndi ukalamba. Ankatimenya powasambitsa, ankalavula chakudya, ndipo pankatha miyezi osanena chiganizo chomveka. M'chipinda mwawo munali bokosi lamatabwa lodzaza ndi mapepala a nyimbo, achikasu, ofewa ngati masamba a fodya. Pazikuto pake panali zithunzi za akazi ovala majekete a asilikali, miyendo ili pamtunda, lupanga m'chiuno, ndi azibambo a ndevu zawo ovala madiresi. Pamwamba panalembedwa mawu akuti burlesque.

Mwana wamkazi wa gogoyu anandifotokozera. Agogo awo a Mayi Doreen ankachita masewero oimba kalekale, akuyendayenda ku Leicester, Nottingham ndi Derby. Masewerowo ankatenga nkhani zolemekezeka, za mafumu ndi ankhondo, zimene anthu olemera ankalira nazo m'maholo akuluakulu, n'kuzitembenuza chadodolido. Nyimbo yodziwika ankayiveka mawu atsopano achipongwe. Mayi Doreen analeredwa ndi agogo awowo, ndipo nyimbozo anaziyamwira pamenepo. Koma m'banjamo munalibenso wodziwa kuwerenga manotsi a nyimbo, ndipo piyano ya m'chipinda chochezera cha kunyumba ya okalambayo inangokhala poika maluwa.

Ndinakumbukira Aphunzitsi, amene ankatiimbira limba kutchalitchi akuwerenga manotsi ngati nyuzipepala. Anakana katatu. Loya anawauza kuti saloledwa kugwira ntchito iliyonse, ndipo iwo ankaopa ngakhale kunyamulira munthu katundu. Ndinawauza kuti iyi si ntchito, ndi kuzonda odwala, ndipo palibe amene awapatse kanthu. Amene anawanyengerera ndine. Mawu amenewa ndimawanena chifukwa ndi amene amandilemera.

Tsiku loyamba anakhala papiyano jumbo ili pakati pa miyendo. Ataona chithunzi cha mkazi wa miyendo ija anachiphimba ndi mpango wawo wa m'thumba. Anawerenga chamumtima, chala chikutsata mizere, kenako anatseka msangamsanga n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Nankhoma, mwawerenga zimene zili umu?" ananong'ona. "Akunyoza nduna apa."

"Nduna yake inafa zaka zoposa zana zapitazo, Aphunzitsi."

"Nanga olembawa? Taonani, asindikiza mayina awo pachikuto. Anawatani?"

"Sindikudziwa. Mwina sanawatani."

Anandiyang'ana ngati ndikuwanamiza. Kenako anayamba kuimba, motsitsa kwambiri, ngati munthu woyenda pakhonde la eni. Inali nyimbo ya mfumu imene inataya buluku kunkhondo, n'kulamula kuti nduna zake zonse zivule awo kuti iyo isaoneke yachilendo. Mayi Doreen anali pampando wawo pafupi ndi windo, mutu uli pachifuwa. Ndinaona chibwano chikukwera. Milomo inayamba kuyenda. Ndime yachiwiri anaimba mawu onse, osaphonya ngakhale limodzi, mwendo ukukankha bulangete m'mwamba. Kenako anakuwa m'Chingerezi kuti, "Fulumira, Albert! Kodi tili pamaliro?"

Albert anali woimba piyano wa agogo awo. Kuyambira tsikulo Aphunzitsi anasanduka Albert, ndipo sanakonzepo dzinalo. Ndikuganiza kuti linkawasangalatsa, kukhala maola awiri ndi dzina limene silili m'fayilo iliyonse. Madzulo amenewo Mayi Doreen anadya mbale yonse. Aphunzitsi anayamba kubwera Lachinayi lililonse masana.

Mapepalawo ankawagwira ngati khanda. Ong'ambika ankawamata, ofufutika ankawakopera ndi pensulo m'kope la sukulu. M'mphepete mwa masamba ena agogo aja analembamo malangizo awo: apa puma, apa tsinzinira diso, apa dikira aseke. Aphunzitsi ankamvera zonse. Akafika pamene palembedwa kuti dikira aseke ankakweza manja m'mwamba n'kudikiradi, ngakhale m'chipindamo onse akuwodzera.

Tsiku lina ndikuwabweza ku Braunstone anandiuza zimene sanauzepo munthu kuno. Nthawi ya chipani chimodzi, ali mphunzitsi wachinyamata, anakonza sewero lotsekera sukulu. Anatenga nyimbo imene aliyense ankayidziwa n'kuyiveka mawu onena za mkulu wina wa m'bomalo, amene ankati akabwera pamudzi ankachoka ndi nkhuku za anthu. Anyamata anavala zitenje, mitsamiro m'mimba. Anthu anaseka mpaka kugwa pamabenchi, ndipo mkazi wa mkuluyo anaseka nawo. Patatha masiku atatu kusukulu kunabwera galimoto. Anakhala m'ndende zaka ziwiri popanda mlandu. Anandionetsa dzanja lamanzere, zala ziwiri zimene sizinawongokenso.

"Ndiye mukuona, Nankhoma," anatero. "Zimene anachita azunguwa ndi zomwe ndinachita ine. Iwo anasindikiza, anagulitsa, anajambulitsa. Ndikamaimba ndimakhala ndikudikira kuti wina agogode."

Kutchalitchi nkhaniyi inadzetsa mkangano. Lamlungu lina tsamba limodzi la m'bokosi muja linagwa m'buku lawo la nyimbo, ndipo anatola ndi Mayi Zulu, mtsogoleri wa kwaya, mayi wa ku Chipata wosabisa mawu.

"Imwe aTicha, nichani ichi?" anafunsa atalikweza m'mwamba kuti onse aone miyendo ija. "Manja yamene yalizira Mulungu pa Sande ndiye yalizira mahule pa Chinayi?"

Anaitanitsa akuluakulu a mpingo. Aphunzitsi sanaope kudzudzulidwa. Chimene chinawatulutsa thukuta ndi mlembi amene anatsegula kope, ndipo anamupempha kawiri kuti asalembe dzina lawo. Podziteteza sananene zambiri. Anapita palimba n'kuimba nyimbo ina ya m'bokosi muja mofulumira, kenako anayibwereza pang'onopang'ono. Tonse tinaizindikira. Inali yofanana kwambiri ndi imene timaimba popereka chopereka. Anati nyimbo ili ngati msewu, mumadutsa wopita kumowa ndi wopita kumaliro. Mayi Zulu anati ameneyo ndi mayankhidwe a Satana. Akuluakuluwo anawaimitsa Aphunzitsi kuimba limba miyezi iwiri, ndipo iwo ndi Mayi Zulu anatha nthawi yaitali osapatsana moni.

Tsiku lenilenilo linali Lachinayi lina m'nyengo yozizira, cha m'ma 3 koloko masana. Aphunzitsi anali papiyano, okalamba khumi ndi awiri atakhala mozungulira. Ndikugawa tiyi ndinaona pawindo galimoto yaikulu itaima pageti, anthu ovala zakuda akutsika. Maneja wathu analowa nkhope itayera, n'kunena motsitsa kuti a imigireshoni abwera kudzaona mapepala a antchito onse.

Ine mapepala anga anali bwino, koma ndinakumbukira Aphunzitsi. Ndinapita papiyano n'kuwerama ngati ndikuwapatsa tiyi.

"Aphunzitsi, abwera. Dutsani kukhitchini. Khomo la kumbuyo limatulukira kumabini a zinyalala, kuli kanjira kopita kumsewu wina."

Nyimbo inadukira pakati. Sanafunse kuti abwera ndani. Anatola jumbo yawo n'kuyenda mwakachetechete kulowera kukhitchini, msana utapindika.

Analowa anthu anayi, amuna atatu ndi mkazi mmodzi. Sanakuwe, anayankhula mwaulemu, koma anatiuza kuti antchito tonse tiime mbali imodzi, kukhoma, mpaka atationa mmodzimmodzi. Mnzanga wina wa ku Zimbabwe anali kupemphera chamumtima, milomo yokha ikuyenda.  Maso anga anali pakhomo la kukhitchini, ndikuwerenga masitepe amene bambo wokalamba angayende kuti akafike kumsewu.

Pamenepo Mayi Doreen anayamba kukuwa. Nyimbo yawo inali itadulidwa, ndipo m'chipinda munadzaza anthu achilendo ovala zakuda. "Albert! Albert!" Anagwira m'mbali mwa mpando n'kuyamba kudzikoka kuti aimirire. Chaka chapitacho anali atathyoka fupa la m'chiuno, ndipo dokotala anatiuza kuti akadzagwanso sadzadzukanso. Ndinasuntha kuti ndithamangireko, koma mmodzi wa amuna aja anakweza dzanja kuti ndidikire kaye. Mnzake anapita kukawagwira, koma Mayi Doreen ataona dzanja lachilendo anakuwa koposa, akumenya, thupi lonse litapendekera kutsogolo.

Wophika wathu anadzandiuza pambuyo pake kuti Aphunzitsi anali atafika kale pakhomo la kumbuyo. Chitseko anali atatsegula, mphepo ikulowa, phazi limodzi lili panja. Anaima choncho akumvetsera kukuwako. Kenako anatseka chitseko.

Ndinawaona akutulukira kukhitchini, ndipo ndinafuna kukuwa kuti bwererani. Anadutsa pakati pa anthu ovala zakuda aja osayang'ana aliyense, tayi ili bwinobwino. Anaika jumbo pansi, anakhala, anayamba nyimbo ya mfumu yopanda buluku. Ankaphonya manotsi, zimene ndinali ndisanamvepo. Koma Mayi Doreen anamva. Anasiya kumenya, anabwerera pampando pang'onopang'ono, n'kuyamba kuimba ndi mawu awo osasa. Atafika pa dikira aseke, Aphunzitsi anakweza manja. M'chipinda monse munali zii. Manjawo anakhalabe m'mwamba, ndipo palibe anaseka.

Mayi wa imigireshoni uja anadikira mpaka nyimbo itatha. Kenako anapita n'kufunsa dzina lawo. Aphunzitsi anaimirira n'kutambasula manja onse awiri kutsogolo, ataphatikiza, kudikira unyolo. Mayiyo anaoneka wodabwa, anawauza kuti atsitse manja. Anaona khadi lawo la ku imigireshoni, anafunsa ngati amalandira malipiro. Maneja anati ayi, ndi mlendo wodzacheza ndi odwala. Mayiyo analemba m'kabuku kake. Anaona mapepala a tonsefe, ndipo anachoka osatenga munthu. Galimoto itatuluka pageti, Aphunzitsi anapita kuchimbudzi n'kusanza.

Lachiwiri loyamba la mwezi wotsatira ndinawaperekeza ku Loughborough. Ola linatha. Ola lachiwiri linathanso. Anthu amene analowa pambuyo pawo ankatuluka. Ndinatsika m'galimoto, ndinayenda mpaka pakona, ndinaliona khomo lija. Sindinapite kukafunsa. Ndinabwerera, ndinaliza galimoto, ndipo ndinalira njira yonse mpaka ku Leicester. Anali atandiuza okha kuti ndizitero, koma mpaka lero sindinadzikhululukire.

A imigireshoni anawasunga kumalo osungirako anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo, kutali, kufupi ndi bwalo la ndege. Loya anati sizikukhudzana ndi piyano, apilo yawo inali itakanidwa sabata yomweyo. Mwina ndi zoona. Ine ndimangokumbukira kabuku kaja. Amene anadzuka pankhaniyi ndi Mayi Zulu. Anayenda khomo ndi khomo kusainitsa anthu kalata, anakakamira dokotala wa mtima mpaka analemba umboni, ndipo anakwera basi maola anayi kukawaona. Atabwerako anangoti, "Bakuda, bayonda, koma tayi bavala." Za miyendo ya akazi sanazitchulenso.

Anatuluka patatha pafupifupi mwezi. Mayi Doreen anali atamwalira sabata yachitatu. Masiku awo omaliza anabwerera kukhala chete, ndipo Lachinayi ankangoyang'ana kupiyano. Mwana wawo anasiya bokosi lija kuofesi, atalembapo kuti ndi la Albert.

Nditawapatsa bokosilo ndinawafunsa chimene chinkandidya. Khomo linali lotsegula, anabwereranji?

Anasisita zala zopindika zija.

"Kundende kuja, Nankhoma, ndinkamva anthu akulira kuseri kwa khoma. Zaka ziwiri. Ena ndinkawadziwa mawu. Sindikanatha kuchita kanthu, chitseko chinali chokhoma." Anaika dzanja pabokosi. "Apa chinali chosakhoma."

Musaganize kuti mantha anawathera. Anawonjezeka. Anasiya kuyankha foni ya nambala yachilendo, ndipo akamva galimoto yaima panja ankazimitsa wailesi. Koma patapita milungu ingapo, Lachinayi masana, ndinawaona pageti la ku Evington, bokosi lili m'khwapa. Anati okalamba enawo nawonso anazolowera. Anaimba kumeneko zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo nthawi zonse ankakhala chovala jekete, ngati munthu amene angaitanidwe nthawi ina iliyonse. Anamwalira m'mawa wina m'chipinda chawo ku Braunstone, atakhala pampando, nsapato atavala kale. Bokosi tinalibweza kwa mwana wa Mayi Doreen, pamodzi ndi makope asanu ndi limodzi a pensulo, monga anatiuzira.

Piyano ya ku Evington ija anayichotsa miyezi ingapo yapitayo. Inali itayamba kulira mosokonekera, ndipo maneja watsopano anafuna malo. Pakonapo tsopano timaimikapo njinga za olumala, zitatu, zopinda. Pakhoma patsala chigamba chachikulu chamakona anayi pamene dzuwa silinafike, maluwa a pepala la pakhomalo akuoneka owala kuposa ena onse. Pakapeti pali maenje anayi a miyendo ya piyano. Oyeretsa ayesa madzi otentha, ayesa burashi, koma sakufufuma. Kutsogolo kwake, chapakatikati, pali malo awiri aang'ono operepeseka, otalikirana ngati chikhatho chimodzi, pamene Aphunzitsi ankapondetsa zidendene.